Dzinja Limene Tinkaphikira m'Basi Yangozi

Chimene ndimayamba kukumbukira ndi chitsulo chija chogwirira anthu oimirira, chimene chinkayenda pamwamba kuchokera kwa dalaivala mpaka kumbuyo kwa basi. Chinali chopindika pakati, ndipo penti yake inali itatha kalekale ndi manja a anthu. Amayi anamangirirapo timawaya n'kupachikapo makapu athu apulasitiki. Mphepo ya ku Biriwiri ikalowera m'mawindo opanda magalasi, makapuwo ankagundana pang'onopang'ono, ndipo munthu wolowa koyamba ankacheuka kuti aone amene akugogoda.

Basiyo inagubuduzika pamtsetse wa kufupi ndi kwathu chaka cham'mbuyo mwake, ikupita ku Lilongwe. Anthu anafa. Eni ake anabwera ndi lole n'kuchotsa injini, matayala ndi zonse zogulitsika, ndipo chigoba anachikokera m'mphepete mwa munda wa amalume, pansi pa mabulugamu, n'kunena kuti adzachitenga. Sanabwerenso. Udzu unamera mpaka m'masitepe. Ife ana tikamadutsa pamenepo tinkathamanga, ndipo azibambo ena ankavula zipewa.

Kunyumba tinalipo atatu: amayi, ine, ndi mng'ono wanga amene anali akuyamwa. Abambo anali atapita ku Joni, ndipo foni yawo inali itasiya kupezeka. Chaka chimenecho chimanga chinatithera Khirisimasi isanafike. Tinkadya phala la gaga, masiku ena nkhwani wopanda nsinjiro, masiku ena madzi otentha othira mchere kuti m'mimba mukhale chete. Amayi anali ndi chiwaya, ndipo kale ankakazinga tchipisi pamsewu, koma mvula yoyamba yamphepo inasasula kachisakasa kawo, ndipo pamtetete moto sunkakhalitsa.

Ine ndinali mu Sitandade 8. Aphunzitsi athu anali atandiuza pamaso pa kalasi yonse kuti ndikalimbikira ndikhoza kusankhidwira ku sekondale, ndipo mawu amenewo ndinkayenda nawo ngati dzira m'manja.

Amalume ndi amene anabweretsa nkhani ya ku Lilongwe. Iwo anagwirako ntchito ku migodi ali anyamata, ndipo anabwerako ndi chifuwa chosatha komanso chizolowezi chonena zinthu mosazungulira. Anati kuli mayi wina wodziwana ndi anzawo amene akufuna mtsikana wolera mwana.

“Kumeneko azikadya katatu,” anatero. “Inu achemwali, mukumusungira chiyani pano? Kuti aziwerenga zilembo zikuvina?”

Ndinali ndikutsuka mbale kuseri, ndipo ndinasiya kuti ndimve bwino. Amayi anayankha motsitsa mawu.

“Achimwene, ndipatseni mpata mpaka chimanga chachiwisi chiyambe kudyeka. Ndikalephera kumudyetsa mpaka pamenepo, mudzamutenge.”

Lero sindiwaimba mlandu amalume. Pa nthawiyo ndinkadana nawo, koma iwo ankaona mikono yanga mmene inalili, ndipo kwawo nakonso kunalibe chimene akanatigawira.

M'mawa mwake amayi anagulitsa njinga ya abambo, n'kundiuza kuti nditenge tsache ndi ndowa. Nditaona kuti tikulowera ku basi ija, ndinatsalira m'mbuyo. Iwo anaima pakhomo pa basiyo, mwana ali kumsana, n'kunena kuti, “Odi.” Anadikira pang'ono ngati munthu woyembekezera kuyankhidwa, kenako anakwera. Ankatero m'mawa uliwonse dzinja lonselo, ngakhale mvula ikuwakhuthukira pamutu.

M'katimo munkanunkha dzimbiri ndi mbuzi. Tizidutswa ta magalasi tinali mbwee pansi ngati mchere wamiyala, ndipo tinkalira pansi pa patapata. Pamipando ina panali madontho akuda amene sanachoke ngakhale tinakwecha ndi mchenga ndi phulusa mpaka zala kutuluka magazi. Amenewo amayi anawakuta ndi masaka. Pansi pa mipando tinapeza nsapato yosagwirizana ndi inzake, duku, chipeso, ndi supuni ya mwana. Ndinkafuna kukazitaya kudzala, koma amayi anandilanda. Anakumba kadzenje kuseri kwa mabulugamu, n'kuziyala bwinobwino, n'kukwirira.

“Si zinyalala izi,” anatero. “Zili ndi eni ake.”

Mipando ina tinaitembenuza kuti iziyang'anana, ndipo pakati tinaikapo matabwa kukhala matebulo. M'mawindo tinatchinga ndi mapepala apulasitiki. Chiwaya chinakhala panja pafupi ndi khomo, pansi pa lata limodzi, ndipo mbaula ya tiyi ndi mpunga inali kutsogolo, pambali pa mpando wa dalaivala.

Masiku oyamba sikunalowe munthu. Azimayi opita kudimba ankadutsa chapatali akuyang'ana. Mmodzi, amene tinkapemphera naye mpingo umodzi, anaima n'kunena mokweza kuti, “Mayi, mukufuna kudyera pamagazi a anzanu?” Amayi anapitiriza kusenda kachewere, koma ndinaona mpeni ukudya mbatata yambiri kuposa khungu. Madzulo tinkabwerera ndi tchipisi chozizira, ndipo ndinkachidya ndi mantha, podziwa kuti ndikudya njinga ya abambo.

Imene inatipulumutsa ndi mvula. Tsiku lina masana inagwa yamatalala, ndipo madalaivala a malole amene anaima kudikira kuti nkhungu ichoke, pamodzi ndi anyamata onyamula kachewere kupita naye ku Lizulu, anathamangira m'basimo kudzausa. Fungo la mafuta linachita zotsalazo. Kuyambira tsiku limenelo mbiri inayenda m'msewu kuti pa Biriwiri pali basi yodyeramo.

Ine anandipatsa dzina loti kondakitala. “Kondakitala, tiyi wina kuno!” “Kondakitala, nditsika pa Dedza, usandipitirize!” Amalume, amene poyamba ankati mlongo wawo wapenga, anayamba kubwera tsiku ndi tsiku n'kukhala pampando wa dalaivala, kapu ya tiyi ili m'manja. Wina akawafunsa kuti, “Adala, tinyamuka nthawi yanji?” iwo ankayankha kuti, “Ikadzaza.” Anthu ankaseka mpaka kutsamwa. Amayi ankalola kuseka, koma mowa ndi wailesi ankakana. Mnyamata wina atalowa ndi kawailesi kakulira, anamuuza kuti, “Achimwene, zimitsani kapena mukadyere panja. Muno muli anzathu.”

Aphunzitsi anabwera kamodzi kudzafunsa chifukwa chimene ndinkajombera masiku a msika. Anakana kulowa. Anadyera tchipisi chawo panja ataimirira, ambulera ili paphewa, akuyang'ana kumbali. Pochoka anati kwa amayi, “Mwanayu musamutaye. Mutu wake ndi wabwino.” Amayi anayankha kuti, “Aphunzitsi, n'chifukwa chake ndili muno.”

Sitinalemere, koma tinayamba kudya. Mng'ono wanga anasiya kulira kosalekeza kuja. Ndinkawerengera pampando wakumbuyo makasitomala akachepa, mvula ikulira padenga lachitsulo. M'munda wa amalume, pafupi pomwepo, chimanga chinamasula ngayaye n'kuyamba kubereka ana. M'mawa uliwonse ndinkachiyang'ana ndisanalowe m'basi.

Kutatsala pang'ono kuti chimangacho chiche, linafika tsiku la msika waukulu wa kumapeto kwa mwezi. Amayi anaganiza zolimba mtima. Anatenga mpamba wonse, osasiyako kalikonse, n'kugula thumba la kachewere, mpunga, mafuta, shuga, kabichi, ndi mwendo wa mbuzi. Anati tsiku limenelo likayenda bwino, tiwoloka. Ndimakumbukira fungo la nyama ija ndi anyezi, ndi mmene ndinkamezera malovu ndikugawa mbale.

Dzuwa litakwera pang'ono, m'basi mutadzaza, panafika anthu oyenda pansi kuchokera chakumbali ya ku Nzama. Kutsogolo kunali bambo wokalamba wovala jekete lakuda, atanyamula kanthambi kakakulu ngati mkono wa mwana. Pambuyo pake panali mayi wina woonda, azimayi angapo omuperekeza, ndi mnyamata woyendera ndodo. Matope anali atawafika m'mawondo. Anaima pakhomo n'kumayang'ana utsi, makapu, ndi anthu akutafuna, ngati asochera.

“Odi kuno,” anatero bambo aja. “Kodi basi ija ndi yomweyi?”

Amayi anapukuta manja n'kugwada pang'ono. “Ndi yomweyi, bambo.”

Bambowo anafotokoza motsitsa mawu. Mwana wa mlongo wawo, mtsikana, anafera m'basimo. Thupi anakaliika kumudzi, koma kwawo munthu akafera panjira, abale amayenera kupita pamalopo kukamutenga ndi nthambi, kuti mzimu wake usatsale pamsewu. Iwo anachedwa chifukwa mayi a mwanayo anadwala nthawi yaitali maliro atatha, ndipo mnyamata amene anali naye paulendowo, msuweni wake, anali asanayambe kuyenda. Sankadziwa kuti apeza anthu akudya.

Mayi woonda uja sanapereke moni kwa aliyense. Anagwira mkono wa mnyamata wandodoyo n'kumufunsa kuti, “Anakhala pati?”

Mnyamatayo anakwera movutika, n'kuyang'ana uku ndi uku, chifukwa mipando tinali titaitembenuza. Kenako analoza mpando wakuwindo, kuseri kwa khomo. Pamenepo panali dalaivala wina wonenepa wa lole, amene ankakonda kundiseka, chala chili m'mbale ya tchipisi ndi kabichi. Anaimirira mbale ili m'manja, osadziwa koiika, pakamwa pali podzaza. Mayi uja anafika n'kugwada, n'kuika nkhope yake pa saka lokuta mpandowo, n'kuyamba kulira. Azimayi anzake anayankhira panja. Kulira kwa maliro ndinali nditakumvapo kambirimbiri, koma m'chitsulo muja kunkamveka ngati kukuchokera m'makoma.

Amayi anandiyang'ana. “Iwe, pita ukathyole masamba. Ukaike pamsewu, uku ndi uku.”

Amalume anatsika pampando wawo mofulumira kuposa mmene ndinawaonerapo, n'kuwakokera amayi kuseri kwa chiwaya. Ndinawatsatira.

“Achemwali, ganizani bwino. Mukangoika masamba pamsewu, pano pasanduka pasiwa, ndipo pasiwa sagulitsa chakudya. Mudzi wonse ubwera, ndipo mukudziwa mmene anthu alili ndi njala. Asiyeni achite mwambo wawo, sachedwa. Akapita, inu mupitirize.”

“Mayiyo azilira mwana wake, ine uku ndikufunsa anthu kuti ‘cha zingati’?”

“Ndiye tsekani kaye, mubise chakudyacho.”

“Achoka ku Nzama wapansi. Ndiwabisire mpunga akuumva fungo?”

“Nanga wanuyu?” anatero amalume akundiloza. “Wawoyo anapita kale. Wanuyu ali moyo, ndi uyu waima apayu.”

Ndinadikira kuti amayi andiyang'ane. Ndinati, “Amayi, nanga ine?” Iwo ankayang'ana mafuta akuwira m'chiwaya.

“Ndati pita ukathyole.”

Ndinathyola nthambi za bulugamu ndikulira, ndipo anthu ankaganiza kuti ndikulira malirowo. Ndinaziyala pamsewu kumtunda ndi kumunsi, monga timachitira kwathu kudziwitsa odutsa kuti pano pali zovuta. Sipanatenge nthawi. Magalimoto anayamba kudutsa pang'onopang'ono. Apanjinga ankatsika n'kumakankha. Anthu anatuluka m'midzi, ena kuwoloka msewu kuchokera tsidya la ku Mozambiki, azibambo kukhala mbali yawo pansi pa mitengo, azimayi kuzungulira basi. Wina anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi. Mayi uja amene ananena za magazi a anzathu anabweranso, ndipo anatenga mpeni n'kukhala pansi kuthandiza kusenda kachewere.

Amayi anayamba kugawira alendo aja, kenako akuluakulu, kenako aliyense. Ine ndinkanyamula mbale. Ndinkaona thumba likuphwa, mpunga ukufika pansi pa poto, mafuta akutsika m'chigubu. Panali anthu amene ndinkawadziwa kuti sanadye kuyambira dzulo lake, ndipo ankadya atazolika. Sindinawamvere chisoni. Dalaivala wonenepa uja anayesa kuwapanikizira amayi ndalama m'manja. Iwo anaitenga n'kukaiika m'mbale ya chipepeso imene inali patsogolo pa bambo okalamba aja, ndipo ena onse amene anali asanalipire anatsatira chomwecho.

Anthu atatha kudya, bambo aja analowa m'basi ndi nthambi yawo. Anamuitana mtsikanayo ndi dzina lake ndi chiwongo chake, mofatsa, ngati mmene umadzutsira mwana wogona pamphasa ya eni. “Tabwera kudzakutenga,” anatero. “Wakhalitsa panjira. Amayi ako ndi awa. Dzuka, tiye kwathu.” Anapukuta mpandowo ndi nthambiyo, kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kuifungata pachifuwa. Wonyamula nthambi yotere sayankhula ndipo sacheuka mpaka akafike kumudzi. Choncho anatsika n'kuyamba ulendo osatsanzika, ena onse ali pambuyo pawo mwakachetechete. Mayi woonda uja yekha anagwira dzanja la amayi podutsa, n'kulisiya.

Ndinati mumtima, angodya n'kupita, ngakhale zikomo.

Madzulo tinatsuka mapoto opanda kanthu. Amalume anatithandiza kunyamula chiwaya mpaka kunyumba, akutsokomola njira yonse. Amayi anayesa kufunsa ganyu m'madimba, koma aliyense ankafuna ganyu chaka chimenecho. Tinabwerera ku gaga, kenako gaga nayenso anatha. Mkaka wa amayi unayamba kuchepa. Ine ndinkalowa m'munda wa amalume mobisa, kung'amba makoko pang'ono n'kudinda njere ndi chikhadabo. Zinkatuluka madzi okhaokha. Ndinkatseka n'kupita pa chinzake, mzere wonse, ndikupemphera kuti ndipeze chimodzi chokhwima choti ndikawaonetse amalume. Tsiku lina m'kalasi ndinaimirira kuti ndiyankhe funso, bolodi inada, ndipo ndinadzidzimukira pansi anzanga akundikupiza ndi makope. Amalume anamva, ndipo anabwera madzulo omwewo. Amayi sanatsutsenso zoti ndipite ku Lilongwe.

Ku sekondale ndinadzafikako ndithu, mochedwa, nditabwereza kalasi ndi ana amene kale ndinkawatsogolera pamzere. Koma m'mawa umene ndinkachoka sindinkadziwa zimenezo. Ndinkangodziwa kuti amayi anasankha mwana wakufa wa eni m'malo mwa ine, ndipo ndinali nditatsimikiza kuti sindiwayankhula.

Tinaima pasiteji atatu, zovala zanga zili m'jumbo. Minibasi yoyamba itaima, amalume ananyamula jumbo lija, koma amayi anati, “Iyi ayi, yadzaza kwambiri.” Yachiwiri anaizungulira, n'kuwerama kuyang'ana matayala, n'kupukusa mutu. Yachitatu anafika pawindo la dalaivala, kumupatsa moni wautali ngati m'bale wawo, ndipo atamva fungo la m'kamwa mwake anabwerera. Makondakitala anayamba kuwanena. “Mayi, mukufuna ndege?” “Ngati mulibe ndalama nenani!” Anthu ogulitsa tomato ankaseka. Amalume anati, “Achemwali, dzuwa likupita. Kodi mukufuna tigone pano?” Ine ndinkayang'ana pansi ndi manyazi.

Pomaliza inabwera ina imene analephera kuipezera chifukwa. Amalume analowa, ine pambuyo. Kondakitala anandilozera malo, koma amayi analowetsa mutu pakhomo n'kupempha bambo wina kuti asunthe, kuti ine ndikhale pakati, osati kuwindo. Kenako anatuluka n'kuzungulira panja, mwana ali kumsana, n'kuika chikhato pagalasi. Sanandiyang'ane kumaso. Maso awo ankayenda kuchokera kwa dalaivala, mzere ndi mzere, mpaka pamene ndinakhala, n'kubwereranso, milomo ikugwedera ngati mwana woloweza phunziro. Anafunsa kondakitala kuti kwawo n'kuti, ndipo iye anaseka n'kumenya chitseko.

Minibasi itanyamuka anayenda nayo pang'ono, akuyang'anabe mpando womwewo. Ndinatembenukira kwa amalume n'kufunsa mokwiya kuti amayi akuwerenga chiyani, ngati kuti mpandowo ndi wathu. Amalume anavula chipewa n'kuchiika pamaondo.

“Khala bwino,” anatero. “Usasinthe malo.”

Funso la mayi woonda uja, lakuti “Anakhala pati?”, ndinadzalikumbukira patapita zaka. Tsikulo ndinaganiza kuti akunena za ulemu wa m'galimoto, ndipo titafika pa Lizulu, munthu wakuwindo atatsika, ndinasunthira pomwepo kuti ndizionako kunja.